Tilipo angati lero?

Ndisanatereke madzi a nsima madzulo ndimayamba ndawerenga anthu. Kwathu kuno ku Chilomoni chiwerengero cha pakhomo sichikhazikika. Eni nyumba tilipo asanu: ine, bambo a ana, ndi ana athu atatu. Koma mwana wa achemwali anga akukhala nafe chifukwa sukulu yake ili pafupi, apongozi amabwera kuchokera ku Phalombe n'kukhala mpaka mtima utakumbuka kumunda, ndiye pali alamu anga ena amene amadziwa bwino kwambiri nthawi imene nsima imaphulidwa. Aliyense wokhala mu Blantyre amene ali ndi abale kumudzi zimenezi akuzidziwa. Wodzapikula katundu ku Limbe, wodzadikirira matenda ku Gulupu, wodzafuna ntchito, wosowa basi yobwerera, onsewa amagona kwa m'bale wawo, ndipo munthu sagona ndi njala pakhomo pofuka utsi.

Ndiye wophika amakhala ndi masamu ake. Pakamwa pangati lero? Ufa m'ndowa wafika pati? Makala atsala m'thumbawo apsetsa nyemba kapena angokwanira masamba? Ndalama ili pafoniyi ifika Lachisanu? Masamu amenewa salembedwa pena paliponse. Umawachita uli chiimire, mwana akukukoka chitenje, wina akufunsa kumene kuli yunifolomu yake. Ukaphonya, nyumba yonse imadziwa: nsima yachepa, ndiwo zatha mtanda usanathe. Ukakhoza, anthu amangosamba m'manja n'kudya, kenako n'kumakamba za mpira. Anthu akamayamikira mayi wodziwa kuphika amanena za kukoma kwa ndiwo zake, koma ine ndikaona mayi amene wadyetsa anthu asanu ndi atatu ndi kamulu ka usipa ndi tomato awiri, popanda wodandaula, ndimadziwa kuti luso lake lagona pa kuwerengera.

Nyumba yathu ili ndi khitchini ndithu, ya sinki ndi makabati, ndipo muli kuka ya magetsi imene tinalandira pa ukwati. Koma kuka imeneyi ntchito yake ndi kuwiritsa madzi a tiyi ndi kukazinga mazira. Ukaterekapo nyemba, mayunitsi amathamanga uli kuona. Kuphika kwenikweni kumachitikira pakhonde la kuseri, pamene pali mbaula ziwiri, kampando kakafupi, lichero lopachika pa msomali ndi ndowa ya madzi. Pamenepo ndi pamene ana amakupeza akaweruka kusukulu. Ndi pamenenso mnzako wa kuseri kwa mpanda amaimirira n'kukuuza za maliro a kutchalitchi, kapena kuti shuga wapezeka kwakutikwakuti, fulumira asanathe.

Tisanabwere kuno tinkachita lendi ku Ndirande, pa poloti ya mabanja angapo, ndipo zambiri za kaphikidwe ka m'tauni ndinaziphunzira kumeneko. Dzuwa likamapendeka mbaula zinkandanda pabwalo, iliyonse pakhomo pa mwini wake. Woyamba kukoleza ndiye ankapereka moto kwa onse; ana ankabwera ndi chivundikiro chakale cha poto kudzapala khala limodzi kapena awiri. Pa poloti palibe chinsinsi cha ndiwo, fungo limaulula. Malipiro akangotuluka, bwalo lonse linkanunkhira nyama yokazinga ndi anyezi. Pofika pakati pa mwezi inali bonya kuyambira khomo loyamba mpaka lomaliza, ndipo palibe ankaseka mnzake, poti mawa lake wodzapempha mchere ukanakhala iweyo. Panalinso lamulo losachita kunena: mbale ikabwera kwanu ndi ndiwo, siibwerera yopanda kanthu. Ngakhale timbatata tiwiri, umaikamo.

Moto ndiwo umalamulira zonse. Mzinda uno unali ndi anthu pafupifupi 800,000 pa kalembera wa 2018, ndipo mabanja ambiri amaphikira makala. Ukalawirira m'mamawa umakumana nawo anyamata akukankha njinga zosenza matumba atatu kapena anayi, thukuta lili kamukamu, ena ochokera mbali za ku Chileka, ena akukwera nazo mtunda wa msewu wa ku Chikwawa. Makala ambiri amachokeranso ku Neno ndi ku Mwanza, kudzera pa Zalewa. Wogula ayenera kuchenjera. Thumba amalilukira mutu wautali pamwamba kuti lioneke lodzaza, makala akuluakulu n'kuwaika poonekera, koma pansi ungapeze fumbi lokhalokha. Ine ndimalinyamula kaye kuti ndimve kulemera kwake, n'kutenga makala awiri kuwagundanitsa. A mtengo wolimba, monga tsanya, amalira kuti ngwee, ndipo amakhalitsa pa mbaula. Opepuka aja amangothetheka, kukuboolera chitenje, n'kusanduka phulusa nyemba zisanafewe.

Moto ukayaka suyenera kudikira munthu. Zonse zikhale zokonzeratu: masamba odula, tomato wotsuka, madzi ali pafupi. Chotenga nthawi ndicho chimayamba. Nyemba ndimaziviika usiku kuti zisadye makala ambiri, ngakhale apongozi amati nyemba zoviika zimataya kukoma, mkangano umene sitinaumalize mpaka lero. Zikapsa nyemba pamabwera masamba, amene sachedwa. Nsima imafuna moto wamphamvu, choncho umaonjezera makala pang'ono phala lisanayambe kuwira. Ukaphula nsima, moto wotsalawo sutayidwa: pamakhala ketulo ya madzi osamba, kapena mbatata zodzadya m'mawa, ana n'kumakazinga mtedza pa chiwaya. Makala amene sanathe umawazimitsa, mawa agwiranso ntchito. Mwana wosiya mbaula ikuyaka yopanda poto, pakhomo pano amayankha mlandu.

Sindinganame kuti mtima umakhala m'malo ndikamagula makalawa. Phiri la Ndirande, limene akuluakulu amalikumbukira lili ndi nkhalango, lero ndi miyala ndi timinda. La Michiru lili kuseri kwathu kuno tikuliona likuyera chaka ndi chaka. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, tonse tinalankhula za mitengo, za mapiri amene tawameta mpala. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, ndipo kuotcha kapena kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu. Komabe madzulo akafika ana amafuna nsima. Olankhula pa wailesi amati tigule gasi, ndipo sakunama: gasi ndi wachangu, sadetsa mapoto, sakulowetsa utsi m'maso. Vuto ndi lakuti gasi amafuna ndalama ya nthawi imodzi, ya silinda, ya chitofu, ya kudzadzitsa, pomwe makala ungagule a kajumbo kamodzi, okwanira chakudya cha usiku umenewo basi. Munthu wopeza ndalama ya tsiku ndi tsiku amagulanso moto wa tsiku ndi tsiku. Nanga magetsi? Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene anali ataiwala mbaula anakazifukula kumene anaziponya. Ife silinda yaing'ono tinagula, koma ili ndi ntchito zake: phala la ana m'mawa, tsiku la mvula, ndi madzulo amene ndachedwa pa siteji kudikira minibasi. Nyemba ndi mang'ina sizikwerapo.

Ufa nawo uli ndi ndale zake. Bambo a ana anakulira nsima yoyera, ndipo kwa iwo mgaiwa ndi wa phala kapena wa kusukulu yogonera komweko. Ine mgaiwa ndimaukonda, chifukwa umakhalitsa m'mimba, komanso chifukwa ndimadziwa zimene thumba la chimanga limataya popanga ufa woyera. Taganizani: thumba la makilogalamu 50 upite nalo kuchigayo kukakonoletsa, madeya achoke. Mphale ija uiviike m'madzi masiku awiri kapena atatu mpaka iyambe kafungo kowawasa, uitsuke, uiyanike, ubwerere nayo kuchigayo, ulipirenso, ufawo udzauyanikenso pamphasa uku ukuingitsa nkhuku za aneba. Pomaliza, ndowa imene ikanadzaza ndi mgaiwa imakhala yoperewera moonekeratu, ndipo chimene chachokacho ndi chomwe a zaumoyo amati ndicho chopatsa thanzi. Mu Juni ndi Julaye kukagwa chiperoni, kamvula kozizira kosatha kaja, ufa umakana kuuma, ukapanda kusamala umayamba kununkha nkhungu. Ndiye tinakumana pakatikati: masiku wamba ndi gramil, wokonola koma wosaviika. Woyera ndi wa Lamulungu ndi wa alendo. Madeya sinditaya, pali mayi wina woweta nkhuku amene timasinthana ndi mazira.

Wanzeru amagula chimanga mu Meyi kapena Juni, anthu atangokolola, n'kuthira mankhwala a anankafumbwe. Koma nzeru imeneyi imafuna ndalama. Pofika Januwale ndi Febuluwale mtengo umakhala utakwera, ndipo m'misika mumadzaza timapepala ta ufa tija timatchedwa walkman, tokwanira nsima imodzi. Ukaona bambo wovala bwino akutsika minibasi madzulo, kawalkman m'manja, kamulu ka bonya m'thumba la jekete, ingomupatsa moni, usamufunse kuti zikuyenda bwanji.

Chaka chatha ndinaganiza zoti mwana wanga wamwamuna, amene ali ku sekondale, ayambe kuphika nsima. Alongo ake anayamba ali ang'onoang'ono, iye n'kumangoitanidwa kuti zapsa. Tsiku limenelo apongozi anali pamkeka akusenda nandolo.

"Apongozi," anandiitana, osakweza n'komwe mutu, "atsikana apita kuti, kuti mwamuna agwire mthiko?"

"Alipo, amayi. Koma nayenso amadya."

Sanayankhe. Anangoyang'ana cham'mbali, mnyamata akukhuthulira ufa wambiri nthawi imodzi m'madzi owira kale. Anapirira pang'ono, kenako lichero lija analiika pansi.

"Iwe, tayamba waphula. Ukufuna utidyetse mibulu?"

Ndiye anamuphunzitsa okha, mwa njira imene ine sindikanatha, poti ine ndimapsa mtima msanga. Madzi asawire, angofunda, oti chala n'kupirira. Ufa uzithira pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi, linalo likutakasa osaleka, mpaka phala ligwirane. Ukatero vundikira, ulisiye libwate, lizilavula timadontho totentha tija. Apa ndi pamene nsima imapsera, ndipo wothamanga amadyetsa anthu nsima yaiwisi yopweteka m'mimba. Kenako utapeko phala pang'ono m'kambale, kuti ukalimbitsa kwambiri ubwezeremo. Tsopano ufa wachiwiri, dzanja ndi dzanja, uku ukuvundula. Dzanja lamanzere ligwire poto ndi kansanza, mthiko uzikanikizira nsima m'mbali, kuitembenuza kuchokera pansi, kufikira itasalala n'kuyamba kufufuma ndi kutulutsa mpweya. Anganga akewo anamugwira mkono n'kumuonetsa kuti mphamvu ichokere paphewa, apo ayi atopa nsima isanagwirane. Poomola, chipande achiviike m'madzi nthawi iliyonse, kuti mtanda uzituluka wosalala, wofanana ndi unzake.

Mitanda yake yoyamba inatuluka yopindika, wina waukulu, wina waung'ono. Alongo ake anaseka mpaka misozi. Koma inali yakupsa. Bambo ake atadya anafunsa kuti waphika ndani, ndipo atauzidwa anangoti, "Ehe," n'kutema mbamu ina. Usiku womwewo apongozi anatiululira kuti mwana wawoyo, bambo a anawa, atangoyamba ntchito m'tauni asanakwatire, anatha miyezi akudya tiyi ndi buledi ndi chipisi cha pachiwaya chifukwa chosadziwa kuphika, ndipo atapita kumudzi pa Khirisimasi anali ataonda mpaka iwo anaganiza zoti akudwala. Kuyambira pamenepo nkhani ya mwamuna ndi mthiko sinabwerenso. Mnyamatayo tsopano ali ndi masiku ake ophika, ndipo chimene chimandisangalatsa n'chakuti asanatunge madzi amayamba wafunsa ngati bambo ake aang'ono anena kuti abwera.

M'mawa mulibe zambiri. Ana ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, akuluakulu ndi tiyi, womwera chilichonse chimene nyengo yapereka: maungu m'masika, mbatata nthawi yozizira, chinangwa chophika, futali tikakhala ndi mpata. Buledi ndi wa sabata ya malipiro. Tiyi amalimidwa pa Thyolo ndi pa Mulanje pomwepa, shuga ku Nchalo, koma pali miyezi imene shuga ndimachita kuthirira aliyense ndekha, chitini n'kukachibisa. Loweruka lina ndimaphika chigumu: mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zimene palibe akuzifuna, soda pang'ono ndi mchere, m'poto wopaka mafuta. Pansi makala akhale ochepa, ambiri uwaike pa chivundikiro, apo ayi chimapserera pansi pakati pali phala. Nthochi zomwezo masiku ano n'zosamala, chichitikireni matenda a chisaka amene anaononga minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ife tinakula nthochi zikuola m'madengu.

Za ndiwo ndiye nkhani yosatha. Msika wa m'dera umakupulumutsa tsiku ndi tsiku, koma ndikakhala ndi kandalama ndimapita ku Limbe, kumene nsomba zouma zimatsikira: usipa ndi utaka wa kunyanja, matemba a ku Chilwa, milamba yowamba. Usipa wabwino ndi wowala, wouma gwa, wosanunkha kukhalitsa. Ukalawa kamodzi usamve kuwawa kapena mchenga. Masamba ambiri amene timadya muno amachokera ku Bvumbwe ndi madera ena ozungulira, amayi amafika nawo m'madengu kusanache. Ukamagula kwa munthu mmodzimodzi amakudziwa, ndipo pulayizi suchita kupempha. Tomato ndiye alibe chibale. Mu Seputembala amachita kukukakamiza, mulu waukulu pa mtengo wochepa. Mvula ikangoyamba, titomato titatu tosapsa bwino mtengo wake umachita kufunsa kawiri.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chinthu choyamba kusintha pakhonde langa chinali botolo la mafuta ophikira. Kale ndinkangolipendeketsa. Tsopano ndi supuni, ndipo ana amadziwa kuti supuni yake ndi iti. Ambiri amagula a m'timachubu, okwanira ndiwo imodzi. Koma kudula kwa mafuta kunatibwezera ku ndiwo zimene ena m'tauni muno ankaziona zachimidzi. Nkhwani wotendera safuna ngakhale dontho la mafuta. Umasankha masamba anthete, n'kuwasadzula bwinobwino, kuchotsa ulusi wonse kuyambira kuphesi, chifukwa ukachita ulesi pamenepa ndiwo zimakanda pakhosi. Uwadule, uwaike m'madzi ochepa owira kale okhala ndi mchere, tomato pamwamba. Akafewa thira nsinjiro, koma usatakase msanga. Vundikira kaye kuti zipse ndi nthunzi, kenako utakase mpaka zigwirane. Nsinjiro zosapsa zimamveka pakamwa, sungazibise. Chisoso, bonongwe, kholowa, khwanya, zonsezi zimamera ngakhale kuseri kwa bafa, pa kadimba kothirira madzi otsukira mbale. Mtedza nawo wadula, zoona, koma kapu imodzi ya nsinjiro imatendera kangapo.

Apongozi sabwera chimanjamanja. M'thumba mwawo mumatuluka nandolo, mfutso wa m'chikwatu, nthawi zina kalongonda, amene ana anga amamuopa chifukwa anamva kuti akapanda kupsa bwino amazunguza mutu. Iwo amamuphika tsiku lonse, kutaya madzi kangapo, pa mafuwa kuseri kwa nyumba, poti pa makala angatisaukitse. Therere lawo amathira chidulo chodontheza okha kuchokera ku phulusa. Soda wa m'sitolo amati amawawa. Ine ndimathira soda yemweyo iwo akakhala kulibe. Ndipo tisanamizane, masiku ambiri a pakati pa sabata ndiwo zake ndi soya pieces, zimene ana amazitcha nyama akafuna kundisangalatsa, kapena mazira atatu oswera mu tomato wambiri kuti akwanire onse.

Pamene masamu a wophika amaonekera poyera ndi pogawa nkhuku. Ya chikuda, yolimba ija imene imafuna moto wa maola, timadya mwa apo ndi apo: pa Khirisimasi ndi mpunga wa Kilombero, mwana akakhoza mayeso, kukabwera mlendo wolemekezeka. Nkhuku ili ndi ntchafu ziwiri basi, ndipo maso onse amakhala pomwepo. Mmene tinakulira ife, nthutumba inali ya bambo, ndipo ikasowa m'mbale mwawo mayi ankayenera kufotokoza. Bambo ankalandiranso ntchafu ndi chidale, anyamata mapiko, ife atsikana khosi ndi zipalapasiro, mayi n'kutsala ndi msana ndi msuzi. Amayi onse a m'badwo umenewo ankati amakonda mafupa.

Pakhomo panga nthutumba ndinaisiya mmene inalili, si nkhondo yoyenera kumenya, ndipo bambo a ana nthawi zambiri amaidula n'kupatsako chitsiriza wathu mobisa, poganiza kuti sindikuona. Koma zina ndinasintha. Nkhuku ndimaidula tizidutswa tambiri, ntchafu pawiri, chidale panayi, kuti pasapezeke wodya khosi lokha. Mwana wa achemwali anga amalandira chimodzimodzi ndi anga, nthawi zina ndimamuonjezera dala, chifukwa mwana wokhala kwa eni amayang'ana m'mbale za anzake ngakhale sanena kanthu. Funsani amene anakulira kwa achibale m'tauni muno: fizi imene anawalipirira ambiri aiwala, koma mmene ndiwo zinkagawidwira amakumbukira mpaka imvi. Ndipo gawo langa ndimaika, lenileni, atsikana anga akuona. Sindikufuna adzakule akuganiza kuti wophika amakhuta fungo.

Mlendo wofika nsima ili kale patebulo ndiye mayeso enieni. Akuluakulu amati chakudya sichichepa, chimachepa ndi chovala, ndipo mawuwa amakoma kuwanena uli pabalaza. Amene ali kukhitchini ndiye amadziwa kuti kusachepako kumachitika bwanji: mtanda umodzi kuchoka m'bakuli la ana, wina wa mayi, madzi pang'ono ndi tomato mu msuzi, kadzira kokazinga mofulumira pa gasi paja. Mlendo amati, "Ayi, alamu, ine ndadya kale," iwe n'kuti, "Ingolawani, alamu, n'zochepa," uli utagwada kale ndi madzi osamba m'manja. Nonse awiri mukudziwa kuti sanadye. Chimene sindilola n'chakuti ana aone nkhope yanga itakwinyika pa nthawi imeneyo, pakuti iwonso tsiku lina adzagogoda pakhomo pa munthu ali ndi njala. Kudandaula ndimadandaula ndithu, koma pambuyo pake, kuchipinda, kwa m'bale wake wa mlendoyo.

Pakhonde pamatulukanso nkhani zimene pabalaza sizituluka. Pabalaza pali TV, pali bambo, ndipo mwana ukamufunsa za kusukulu amangoti bwinobwino. Koma mupatse lichero la nyemba kuti asankhe, iwe uli kudula anyezi, osayang'anana, nkhani zimayamba kubwera zokha. Ndi posankha nyemba pamene ndinamva za mnyamata wina amene ankadikirira mwana wanga wamkulu panjira yochokera kusukulu. Ndi pochotsa mitu ya usipa pamene mwana wa achemwali anga ananena kuti nsapato zakhala zikumuthina kuyambira teremu yatha, koma ankaopa kupempha. N'chifukwa chake tintchito ting'onoting'onoti sinditichita ndekha, ngakhale ndikanatimaliza msanga. Ndimaitana mmodzi, ndipo woitanidwayo ndimachita kusankha.

Bambo a ana nawonso masiku ano amatulukira pakhonde, makamaka magetsi akazima, poti pabalaza pamakhala mdima ndipo mu Juni mbaula ndiyo imafunditsa. Amakhala pa kampando kaja, foni ikuunikira m'poto, n'kumapereka malangizo amene palibe wawapempha: mchere wachepa, moto wachuluka. Ntchito imene amaidziwadi ndi kuotcha chimanga chachiwisi ndi kukonza kachumbari wa tsabola wa kambuzi, woluma mpaka ana amathawa. Ndimawasiya akhale, chifukwa munthu amene waona ndi maso ake mmene thumba la makala likutsikira savuta ukamuuza kuti latha.

Chimatsala ndi mbale, ndipo apa ndi pamene mtendere wa pabanja umathera. Madzi ambiri a mumzinda muno amachokera ku Shire, ku Walker's Ferry, amachita kupopedwa kukwera mtunda wonsewo, choncho pakhomo lililonse lodziwa zinthu pamakhala zigubu zodzaza. Otsukira mbale ndi oyeza: beseni la sopo, beseni lotsukuluzira, otsala apite kudimba. Mbale ndi makapu ana amagawana popanda phokoso lalikulu. Vuto ndi poto wa nsima, amene palibe amamufuna, chonsecho nkhoko zake aliyense amazifuna, makamaka za tsiku la ufa woyera, zouma bwino, zomwera tiyi. Ndinakhazikitsa lamulo loti wodya nkhoko ndiye wotsuka poto. Linayenda bwino kwa kanthawi, mpaka zinadziwika kuti chitsiriza wathu amalawirira kukakokota yekha, n'kuthiramo madzi kuti zioneke ngati poto anaviikidwa usiku, wotsuka n'kukhala amene ali pa ndandanda wa tsikulo. Mnyamata uja akufuna chilango, akuti kamtsikanako katsuke mapoto sabata yathunthu. Iko kakukana, kakuti palibe anakagwira. Mlanduwu ausungira anganga awo, amene akubwera mwezi wamawa, ndipo tonse tikudziwa kale mbali imene adzaime.